Dimba la m'chilimwe: ndiwo zobiriwira dzuwa likuswa mtengo

M'bandakucha wa mwezi wa Okutobala, nkhuku zisanatsike, azakhali anga amakhala atalowera kale kudambo. M'manja muli makeni awiri, paphewa pali khasu, m'chiuno amanga chitenje chakale chogwirira ntchito. Mame kulibe. Udzu wa m'mbali mwa njira unapita ndi lupsa, ndipo phulusa lake limadetsa mapazi mpaka m'akakolo. Minda ya kumtunda ili mbee, mizere yakale yokhayokha, mbuzi zikutolatola makoko a chimanga. Koma mukangokankha kachitseko ka mpanda wa minga n'kulowa m'dimba mwawo, mphuno ndiyo imayamba kukuuzani kuti mwafika pena: fungo la dothi lonyowa, la masamba a tomato, la anyezi. Kenako maso amaona okha. Mpiru uli biriwiri, bonongwe wafika m'mawondo, therere latulutsa maluwa achikasu, nkhwani wayanga mpaka kukwera mpanda.

Dimbali lili m'dambo lina cha ku Mitundu m'boma la Lilongwe, ndipo si lalikulu. Mwana atha kuponya mwala kuchokera kumpanda uku n'kukagwera kumpanda uko. Chitsime chake n'chokumba pamanja, ndipo pofika Okutobala madzi amakhala atatsika moti umachita kugwada kuti keni idzaze. Komabe pakhomo pa azakhali sipagona nsima yopanda ndiwo, ndipo ndalama ya sopo, mchere, chigayo ndi makope a adzukulu imachokera m'mabedi omwewa. Anzawo ena oyandikana nawo, a zitsime zakuya kuposa chawo, amasiya madimba awo mu Seputembala n'kumadikira mvula. Kusiyana kwake ndakhala ndikukuona kwa zaka zambiri: m'chilimwe amapambana ndi mlimi wodziwa kusunga madzi m'nthaka, ngakhale chitsime chake chikhale chaching'ono.

Nkhokwe yachiwiri

Chaka cha mlimi wa kuno kwathu chili ndi nyengo zitatu. Dzinja limayamba cha mu Novembala mpaka Epulo. Chisanu chimatenga Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene dimba limakoma kulima: dambo likadali ndi chinyezi cha mvula, dzuwa n'lofatsa, kabichi ndi repu zimangokula mosavuta. Kenako pamabwera chilimwe, kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba. Nyenje zimalira tsiku lonse, akamvuluvulu amazunguza fumbi m'minda, mitsinje ing'onoing'ono imasanduka mchenga. Ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo ngakhale m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu masana amapitirira madigiri 30 masiku ambiri.

Nthawi yomweyi ndi imene mabanja ambiri amayamba kuyang'ana m'nkhokwe ndi nkhawa. Chimanga chayamba kutsika, ndiwo za kutchire zinauma, mfutso wayamba kutha, feteleza wa munda wa dzinja akufuna ndalama. Dimba ndiye limakhala nkhokwe yachiwiri. Tinaziona bwino mu 2024, pamene ng'amba yobwera ndi El Niño inapsereza chimanga m'minda, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Chaka chimenecho nyumba imene inali ndi kadimba inali ndi pogwira. Inkagulitsa mipukutu ya masamba n'kugula ufa wa tsiku limenelo.

Palinso nkhani ya thanzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu kudya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba tsiku lililonse, ndipo masamba ndi gulu limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene azaumoyo amatiphunzitsa kusikelo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mwana amene m'miyezi itatu ya chilimwe akudya nsima ndi bonongwe wotendera, therere kapena nkhwani ali ndi mwayi umene mnzake wodyera mchere alibe.

Masamu a keni

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi, tiyeni tiwerenge madzi. Dzuwa likafika pachimake, malo otalika mita imodzi mbali zonse, odzala ndi ndiwo, amatha kutaya malita 5 mpaka 7 pa tsiku. Ena amatuluka kudzera m'masamba, ena amangouluka pa dothi. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali ndiye kuti lifuna malita pafupifupi 60. Mabedi 20 afuna malita 1,200. Pa keni ya malita 10, amenewo ndi makeni 120, kapena maulendo 60 kwa munthu wonyamula awiriawiri, tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Ndiye n'chifukwa chake ambiri amagonja. Msana umatopa chitsime chisanaphwe.

Azakhali amadula chiwerengerochi ndi njira zinayi, ndipo palibe imodzi yofuna ndalama.

Yoyamba ndi kapangidwe ka bedi. M'dzinja bedi limakwezedwa kuti madzi asadikhe pa mizu. M'chilimwe amalitembenuza: limakhala lolowa pansi ngati beseni, lozama pafupifupi chikhato chimodzi, lokhala ndi kamzere kuzungulira. Madzi akathiridwa amakhala pomwepo n'kulowa pansi, osathamangira m'njira. Mphepo yotentha nayo imadutsa pamwamba osawomba dothi mwachindunji.

Yachiwiri ndi kuphimbira. Ndili mnyamata ndinkaona ngati kuyala udzu pa bedi n'kuwonjezera ntchito chabe. Tsiku lina masana azakhali anandiitana.

"Iwe, tabwera. Pisa chala apa."

Ndinapisa pa bedi limene ndinathirira ndekha m'mawa womwewo, losaphimbira. Dothi linali lotentha ngati phulusa la pamoto, pamwamba litachita chikhakha cholimba, ming'alu ya makande itayamba kuyasama.

"Tsopano pisa apa."

Ndinakankha udzu wouma pa bedi linalo n'kulowetsa chala. Munali mozizira, monyowa, nyongolotsi ikuthawira pansi.

"Limeneli ndinathirira dzulo," anatero. "Dothi nalonso limafuna chipewa, mwanawe."

Udzu wouma wopanda njere, mapesi odulidwa, masangwi a mtedza, masamba a nthochi, zonsezi zimagwira ntchito. Chofunika n'kuyala mochindikala ngati zala zitatu kapena zinayi, n'kusiya kampata kuzungulira tsinde kuti lisaole ndiponso chiswe chisalipeze msanga. Chophimbiracho chimatchinga dzuwa, chimaletsa udzu kumera, ndipo chikaola chimasanduka chakudya cha nthaka. Vuto n'lakuti pofika Okutobala udzu umakhala utapsa kale. Wofuna kuphimbira m'chilimwe amamweta udzu wake mu Juni kapena Julaye n'kuusunga, monga amachitira wofolera nyumba.

Yachitatu ndi manyowa. Dothi lodya manyowa limagwira madzi ngati thonje, pamene la mchenga wokhawokha limangowadutsitsa ndipo makande opanda manyowa amauma n'kung'ambika, mizu n'kuduka. Ndowe za mbuzi, za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku ziyenera kuyamba zaola bwino, chifukwa zaziwisi zimawotcha mbande, makamaka kukamatentha. Alimi ambiri masiku ano akupanganso manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kuzitsekera m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Ndi njira yotambasulira feteleza wochepa kuti akwanire malo ambiri.

Yachinayi ndi nthawi ndi kathiriridwe. Madzi othira dzuwa lili paliwombo ambiri amauluka mizu isanamwe. M'mawa kwambiri ndi madzulo dzuwa litapendeka ndiyo nthawi yake. Kuwaza pang'onopang'ono kangapo pa tsiku kumazoloweretsa mizu kukhala pamwamba, pamene dothi limauma msanga. Kuthira mokwanira kuti madzi alowe pansi kumakokera mizu kuya, ndipo mbewu yotero imapirira. Tomato amafuna madzi pa tsinde, osati pa masamba, chifukwa masamba ogona onyowa amaitana matenda. Pa mbewu zotalikirana monga tomato ndi mabilinganya, ena amakwirira botolo lobooledwa timabowo pafupi ndi tsinde, kapena mtsuko wadothi wosapaka kanthu, kuti madzi azidontherera ku mizu pang'onopang'ono.

M'mera mpoyamba

Dimba la chilimwe limafera ku nazale kawirikawiri. Njere zikangomera, timizu take timakhala m'kadothi kapamwamba kamene kamauma pa maola ochepa. Tsiku limodzi loiwala kuthirira, nazale yonse yapita. N'chifukwa chake azakhali amamangira nazale kathandala ka udzu, kotalika kufika m'chiuno, kolola kuwala kulowa pang'ono. Mbande zikamakula amapatulira udzuwo pang'onopang'ono, ndipo sabata yomaliza amachepetsako madzi kuti zikhwime, zizolowere moyo umene zikaupeze kubedi.

Kuwokera amachita madzulo okhaokha, pa bedi lothiriridwa kale. Mbande imazulidwa ndi dothi lake, ndipo ikabzalidwa amaizikira kanthambi ka masamba kumbali yolowera dzuwa kwa masiku atatu kapena anayi. Mbande za mpiru, repu ndi tchayinizi zimakhala zokonzeka pakatha milungu itatu kapena inayi, za tomato milungu inayi kapena isanu, za anyezi pafupifupi miyezi iwiri. Mbande yokalambira pa nazale siibwerera bwino.

Chinanso chimene amachita n'kufesa pang'onopang'ono, kabedi kamodzi milungu iwiri iliyonse. Akatero ndiwo sizikhwimira pamodzi, madzi ofunika pa tsiku sachuluka nthawi imodzi, ndipo tsoka likagwera nazale imodzi ina imakhala ikubwera.

Mbewu yogwirizana ndi dzuwa

Alimi ambiri amalimbana ndi chilimwe atanyamula mbewu za chisanu. Kabichi amakonda kozizira, n'chifukwa chake amachita bwino ku Dedza, ku Tsangano, ku Bvumbwe ndi m'mapiri ena. Mukamukakamiza m'chigwa mu Okutobala amamwa madzi ambiri, mutu wake umakhala waung'ono ndi wosalimba, mbozi n'kumugwera. Mpiru ndi tchayinizi zikapsinjika ndi kutentha ndi ludzu zimathamangira kuchita maluwa, masamba n'kuyamba kuwawa.

Tomato ndiye amanyenga kwambiri, chifukwa mtengo wake umaoneka wathanzi koma osabereka. Masana akamapitirira madigiri 32 mpaka 35, usiku nawo n'kumatentha, mungu wa duwa umafooka ndipo maluwa amayoyoka osagwira chipatso. Kuthirira modumphadumpha kumabweretsa vuto lina. Chaka china azakhali anachoka masiku anayi kukakhala pa maliro, mnyamata amene anamusiyira dimba n'kumathirira mwa apo ndi apo. Atabwerako anathira madzi ambiri kuti abwezeretse. Patatha milungu iwiri tomato wambiri anada kumunsi kwake, kuchita chibanga chakuda chonga chikopa, wina n'kung'ambika. Anaganiza kuti ndi matenda, n'kufuna kukagula mankhwala. Mlangizi ndiye anawafotokozera kuti kumeneko n'kuperewera kwa mchere wa kashiamu m'chipatso, umene umayenda ndi madzi kuchokera ku mizu. Madzi akamaduka, mcherewo sufika kunsonga. Mankhwala ake ndi kuthirira mofanana tsiku ndi tsiku, ndi kuphimbira. Kuyambira pamenepo salima tomato wochuluka kuposa amene chitsime chawo chingamwetse mpaka kumapeto.

Pamene mbewu zobwerazi zikulira, ndiwo za makolo athu zimasekerera. Bonongwe amakonda dzuwa, amakula mofulumira moti pakatha milungu itatu kapena inayi mwayamba kutchola, ndipo mukamadula nsonga amaphukiranso. Therere lobala limafuna kutentha kuti libereke bwino. Khobwe amapirira ludzu, n'kukupatsani chitambe lero ndi nyemba zake mawa. Mbatata imaphimba yokha dothi ndi masamba ake, kholowa mukudya, ndipo mvula ikagwa muli kale ndi mbewu yokabzala kumunda. Maungu amapereka nkhwani. Luni, chisoso ndi denje zimamera ngakhale m'mbali mwa bedi mongotayikira madzi. Chinangwa cha kumpanda chimapereka chigwada chaka chonse, ndipo mtengo wa chamwamba umakhala wobiriwira pamene zina zonse zafota.

Ndiwo zimenezi tinazinyoza nthawi yaitali ngati zaumphawi, chonsecho masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe ali ndi michere yothandiza magazi ndi maso yochuluka kuposa kabichi. Mbewu yake siifuna kugula chaka chilichonse. Mlimi amasiya mitengo ingapo kuti ikhwime n'kusunga njere m'botolo. M'misika ya m'tauni anthu ayambanso kuzifunafuna. Ndipo zikachuluka sizitayika, chifukwa dzuwa lomwe likuvutitsa dimba ndi limene limaumitsa mfutso. Masamba ofutsidwa pang'ono n'kuyanikidwa pamalo aukhondo, makamaka pamthunzi podutsa mphepo, amasunga mtundu ndi michere yake bwino kuposa oyanikidwa padzuwa lamphamvu.

Adani a m'chilimwe

Dimba lobiriwira pakati pa dziko louma limaitana aliyense wanjala. Oyamba ndi mbuzi ndi ng'ombe, zimene m'midzi yambiri zimamasulidwa anthu akangokolola. Mbuzi imodzi yopeza kabowo pampanda imatha kumaliza ntchito ya mwezi wathunthu pa ola limodzi, ndipo milandu yotere imadzaza mabwalo a mafumu chaka ndi chaka. Mpanda wolimba ndi gawo la ulimiwu, ndipo wamoyo, wa mitengo yophukira ngati khonje kapena nkhadze, umaposa wa mapesi wofuna kumanga chaka chilichonse.

Ena ndi ang'onoang'ono osaoneka msanga. Akangaude ofiira amaswana kwambiri kukatentha ndi kuuma. Amakhala kunsi kwa tsamba la tomato kapena mabilinganya, akuyamwa madzi ake, tsamba n'kuchita timadontho toyera, kenako kufiira n'kuuma, kautonde kopyapyala katakuta nsonga. Nsabwe za mbewu zimadzaza kumitima ya mpiru ndi repu, masamba n'kupiringizika. Palinso kambozi ka Tuta absoluta, kamene kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, ndipo m'zaka zotsatira kanafalikira m'maiko ambiri a mu Africa mpaka kuno kwathu. Kamalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya mobisala, kenako kamaboola chipatso, ndipo kamazolowera mankhwala mofulumira.

Apa m'pamene alimi ambiri amalakwira okha ndi ogula omwe. Poona mbewu ikuwonongeka amapopera mankhwala alionse amene apeza pamsika, ena othiridwa m'timabotolo topanda dzina, ena opangidwira thonje kapena fodya. Amapopera lero, mawa n'kutchola kupita nazo kumsika. Mankhwala alionse ovomerezeka amalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole, ndipo bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board lilipo kuti ogulitsa azitsata malamulo. Ndiwo zimene tikugulitsa zikadyedwa ndi mwana wa munthu. Komanso mankhwala opopera mwachisawawa amapha tizilombo tabwino timene timadya nsabwe ndi akangaude, mdani n'kubweranso mwamphamvu kuposa kale.

Azakhali amayamba ndi maso. M'mawa uliwonse akamathirira amatembenuza masamba angapo pa bedi lililonse. Tsamba logwidwa amalithothola n'kulikwirira. Tomato akatha kubereka amazula mitengo yonse nthawi yomweyo kuti isakhale mosungira tizilombo, ndipo pamalopo amabzalapo mbewu ya mtundu wina, monga anyezi kapena khobwe. Nsabwe zikayamba amasinja masamba a nimu, deliya kapena ombwe, kuviika m'madzi usiku wonse, kusefa, kuthiramo kasopo pang'ono n'kuwaza madzulo. Mankhwala a kusitolo amagula pokhapokha zikavuta, atafunsa mlangizi.

Phunziro la ku Dowa

Amene amakayika kuti kadimba kangasinthe moyo wa munthu akamve mbiri ya malemu Dr Glyvyns Chinkhuntha. Mu 1982 anayamba kulima pa kamalo ka mamita 10 mbali zonse m'dambo la bango cha ku Lumbadzi m'boma la Dowa, malo amene anthu ankawaona ngati opanda ntchito. Ndi makasu ndi manja anakumba ngalande, kutsogolera madzi kuti aziyenda okha kutsetsereka kuchokera kumtsinje kulowa m'mabedi olowa pansi, popanda injini kapena mafuta. Nthaka ankaidyetsa manyowa. Malowo anakula n'kukhala Tikondwe Freedom Gardens, kumene alimi, ophunzira ndi akatswiri a m'dziko muno ndi akunja akhala akupita kukaphunzira. Chuma chake choyamba chinali kuyang'anitsitsa mmene madzi amayendera pa malo ake.

Zipangizo zili ndi malo ake, ndipo palibe amene angakonde kuona mayi wachikulire akunyamula makeni 120 pa tsiku. Njala za 2002 ndi 2005 zitachitika, boma ndi mabungwe anagawa mapampu ambiri opalasa ndi miyendo, aja timawatcha thiredo pampu. Ena anathandiza kwambiri, ena anaima chifukwa chosowa zida zosinthira zakale zikatha. Injini za petulo zimakoka madzi ambiri koma zimadya phindu, ndipo mafuta akasowa mbewu zimafota. Mapampu a sola afika tsopano m'midzi yambiri, ndipo ubwino wake ndi wakuti amagwira ntchito kwambiri nthawi yomwe dzuwa likuvuta. Mtengo wake ndi umene umalepheretsa mlimi mmodzi payekha, n'chifukwa chake makalabu ndi mabanki a m'mudzi akhala njira yogulira pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Boma nalo lili ndi mapulani akuluakulu. Ndondomeko ya ulimi wothirira ya 2015 mpaka 2035 imati dziko lino lili ndi mahekitala oposa 400,000 oti n'kuthiriridwa, ndipo gawo lalikulu silinafikiridwe. Ku Chigwa cha Shire kukukumbidwa ngalande yaikulu yotenga madzi pa Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Izi n'zofunika. Koma ndiwo zimene tikudya lero ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi zikuchokera kwambiri m'timadimba ta anthu wamba, ndipo anthu amenewa akufunika mlangizi wofika kudimba, mbewu yodalirika ndi ngongole yaing'ono yogulira pampu.

Kumsika

Wolima m'chilimwe ali ndi mwayi umodzi waukulu: opikisana naye ndi ochepa. M'miyezi ya chisanu aliyense amakhala ndi masamba ndi tomato, ndipo amene anadutsapo pa Lizulu, pa Jenda kapena pa Bembeke nthawi yochuluka zinthu anaona milu ya tomato ikuphwanyikira m'madengu, ogulitsa akuthamangira galimoto iliyonse yoima. Madimba ambiri akauma, ndiwo zimachepa ndipo mtengo umakwera. Amene anafesa mu Ogasiti ndi Seputembala n'kupirira ndi keni amadzagulitsa pamene ena akungoyang'ana.

Komabe dzuwa limatsatira ndiwo mpaka kumsika. Mpiru wothyoledwa masana umafika utafota, wopikula n'kupezerapo chifukwa chogwetsera mtengo. Azakhali amathyola kusanache, kumanga mipukutu, kuwaza madzi n'kukutira ndi chiguduli chonyowa m'dengu. Tomato amamuthyola atangoyamba kusintha mtundu kuti apirire ulendo wa panjinga. Mavenda obwera kudimba amafuna kutchula okha mtengo, ndipo mlimi amene ali yekha, ndiwo zitathyoledwa kale, alibe mphamvu yokana. Alimi a dambo limodzi akagwirizana za mtengo ndi masiku othyola, wopikula amayamba kumvetsera. Kufunsiratu pa foni mtengo wa ku Wakawaka kapena ku Limbe musanathyole kumathandizanso. Kope lolembamo zimene mwagula ndi zimene mwagulitsa limaonetsa mbewu imene ikubweza thukuta ndi imene ikungomwa madzi.

Dambo likafa, dimba lafa

Chitsime cha azakhali chimene kale chinkasefukira mpaka Seputembala tsopano amachikumbanso chaka ndi chaka. Akuluakulu a m'midzi yambiri amanena zofanana: madambo akuuma msanga. Zifukwa zake tikuziona ndi maso. Mitengo ya kumtunda inapita ku makala ndi kuwotchera njerwa, choncho mvula ikagwa imathamanga pamwamba osalowa pansi. Anthu alima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, magombe n'kugumuka, mchenga n'kukwirira maiwe. Ena abzala bulugamu pa kasupe. Ena a injini zazikulu amakoka madzi onse kumtunda, a kumunsi n'kutsala ndi matope. Nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995 n'kutsalanso pang'ono kutheratu mu 2018, inationetsa kuti ngakhale madzi aakulu amatha.

Dambo lili ngati mtsuko wa mudzi wonse. Limamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Kulisamala n'kusiya mpata wa udzu, bango ndi mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje, kubzala vetiva m'malire a minda ya kumtunda, kulima mizere yopingasa ndi kumanga akalozera kuti madzi alowe pansi, kuleka kutentha tchire, ndi kugawana madzi mwa dongosolo limene mfumu ndi anthu ake agwirizana. Ntchito imeneyi imagwiridwa mvula ikugwa, phindu lake n'kudzaoneka mu Okutobala.

Nditapita kudimba komaliza ndinawapeza azakhali madzulo atakhala pa chitsa m'mbali mwa chitsime, akudikira kuti madzi abwererenso atatha kutunga. Kumpoto kunali kutachita mdima, mphepo ikununkhira chizimalupsa. Ndinawafunsa ngati akusangalala kuti mvula yayandikira.

"Ibwere ndithu, tapsa," anayankha. "Koma ikapeze ndagulitsa kale therere langa, feteleza ali m'nyumba."

Feteleza wa munda wawo wa chimanga chaka chimenecho anagulidwa ndi ndalama za m'dimba.

Inu amene muli ndi kamalo kudambo, kapena kuseri kwa nyumba kumene kumatayikira madzi otsukira mbale, musadikire pampu kapena ngalande ya boma kuti muyambe. Kumbani bedi limodzi lolowa pansi, thiranimo manyowa okhwima, fesani bonongwe kapena khobwe, phimbirani, ndipo muzithirira m'mawa. Alangizi atsikire kumadimba m'miyezi yotenthayi, mafumu ateteze madambo, ndipo ife ogula tikafika pamsika tisanyoze mtengo wa mpukutu wa masamba, pakuti taona makeni amene anaumwetsa.